Mayeso a udokota pa intaneti: ndani ayenera kukhutira?

Kucokera pamene Covid-19 inatseka masukulu mu 2020, pali funso limodzi limene masukulu a udokota m'maiko ambiri akhala akufunsa ophunzira ao. Mwana akatsiriza kulemba mayeso pa kompyuta ali kunyumba, amamutumizira fomu yakuti: "Kodi wakhutira ndi kalembedwe aka?" Iye amacongapo yankho limodzi, kuyambira pa "sindinakhutire olo pang'ono" kufika pa "ndakhutira maningi". Aphunzitsi amawonkhetsa mayankhowo n'kulemba lipoti, ndipo malipoti a mtundu uwu adzaza m'magazini a maphunziro a zaumoyo. Ena amaonetsa kuti ophunzira ambiri anakondwa. Ena amaonetsa madandaulo a intaneti, ndi mantha akuti anzao anali kukopera. Koma onse amafunsa munthu mmodzimodzi, amene ni wolemba mayeso.

Mwina mukuti, "Manje ise a m'basi itikhudza bwanji nkhani iyi? Si ya ku yunivesiti?" Itikhudza ngako. Mtsikana uja wakhala pafupi nanu, kothi loyera atalipinda pamiyendo, amene aseluka pa UTH, ndiye adzagwira pamimba pa mwana wanu pa 02 hours zaka zocepa zikubwerazi. Mnyamata uja aseluka pa Levy ndi stethoscope m'thumba ndiye adzauza amai anu ngati cifuwa cao ni ca fumbi cabe kapena ni TB. Mayeso amene alemba lero ndiwo geti imene ili pakati pa iwo ndi thupi lanu. Conco tili nao ufulu wofunsa mmene getiyo inamangidwira, ndi amene aimirirapo.

Maganizo anga ni awa. Kufunsa wophunzira ngati wakhutira ni cinthu cabwino, cifukwa yankho lake lingatiuze ngati mayeso anali acilungamo. Koma yankho limenelo silingatiuze ngati munthuyo wadziwa nchito. Ndipo muno mu Lusaka, mmene zinthu zilili manje, mayeso akulu-akulu a udokota olembera kunyumba agwa mbali zonse ziwiri: sakhala acilungamo kwa wophunzira, futi sateteza wodwala. Kompyuta ilibe mlandu. Vuto lili pa malo amene mayesowo alemberedwa, ndi pa funso lakuti ndani ayang'anira.

Tiyambe takumbuka mmene tinafikira pano. Odwala oyamba a Covid-19 mu Zambia analengezedwa pa 18 March 2020, ndipo pa 20 March masukulu, makoleji ndi mayunivesiti anatsekedwa. Maphunziro anasamukira pa Moodle, Zoom, Google Meet ndi magulu a WhatsApp. Matesiti ena ndi ma assignment nao anatsatira njira yomweyo. Masiku amenewo anapeza Lusaka ili ndi ophunzira a zaumoyo ambiri kuposa kale lonse. Makolo athu anali kudziwa cabe Ridgeway, kampasi ya UNZA imene iyang'anizana ndi UTH. Lero kuli Levy Mwanawasa Medical University m'mbali mwa Great East Road kufupi ndi Chainama, kuli Lusaka Apex Medical University, kuli masukulu a udokota a Cavendish, University of Lusaka ndi Texila, osawerengera makoleji a unesi ndi a ma clinical officer. Ophunzira akaculuka, mapepala ocongedwa nao amaculuka, maholo amacepa, oyang'anira mayeso afuna malipiro. N'cifukwa cake ganizo la mayeso a pa intaneti silinathe pamene mliri unatha. Limapulumutsa ndalama ndi nthawi, ndipo lidzabweranso nthawi iliyonse imene masukulu atsekedwa, monga mmene kolera inacedwetsera kutsegulidwa kwa masukulu kuciyambi kwa 2024.

Ophunzira amene amakonda kulembera kunyumba ali ndi zifukwa zomveka, ndipo ife a m'basi tizidziwa bwino kupambana aliyense. Ngati ukhala ku Chelstone ndipo pepala liyamba pa 09 hours ku Ridgeway, uuka kukali mdima. Ulimbana ndi mzere wa mamotoka pa Hybrid, pa Munali, pa Arcades, pa Manda Hill. Ufika mu tauni, uyenda pansi kukafuna basi ina, ndipo basiyo siinyamuka kufikira itadzaza. Ukalowa mu holo, thukuta lili ciriri, mtima uthamanga, zina zimene unawerenga usiku zathawa m'mutu. Kulembera pa tebulo lako, utasamba ndi kumwa tiyi, ndani angakane? Ndalama ya transipoti yasungika. Mtsikana amene ali ndi mwana woyamwa, kapena wophunzira woyenda pa njinga ya olemala, kwa iye ni mpumulo weni-weni. Zotulukapo nazo zimabwera msanga, cifukwa mafunso osankha yankho kompyuta imaconga yokha.

Palinso umboni wakuti mayeso otere angayende bwino. Mu March 2020, Imperial College ku London inalembetsa ophunzira a udokota pafupifupi 280 a caka cotsiriza mayeso ali kunyumba kwao, mabuku ali otsegula. Mafunso sanali a kuloweza pamtima. Anali kupereka nkhani ya wodwala, zimene adandaula ndi zimene mu labu apeza, n'kufunsa kuti matenda ni ati ndipo ucitepo ciani, nthawi ili yocepa kuti munthu azifufuza funso lililonse m'buku. Aphunzitsi ao pambuyo pake analemba kuti mamakisi sanasiyane kweni-kweni ndi a zaka za kumbuyo. Ni citsanzo cabwino, ndipo amene afuna mayeso a pa intaneti amacichula kawiri-kawiri.

Koma ku London malaiti sapita maola 21.

Mu 2024 cilala cinaumitsa dziko, madzi a mu Kariba anatsika, ndipo pa 29 February Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ni tsoka la dziko lonse. Nthawi imeneyo magetsi athu oposa 80 peresenti anali kucokera ku madzi. Mu March ZESCO inayamba kuzima malaiti maola 8 pa tsiku, ndipo pofika September madera ambiri anali kuona malaiti maola 3 cabe, nthawi zina pakati pa usiku. Tonse tikumbuka: mafoni kucajidwa ku nchito, ku chalichi, pa kantemba ka munthu amene ali ndi jenseti. Nsanja za netiweki nazo zimadya magetsi. Mabatire ake akatha, olo ukhale ndi bundle yokwanira mwezi wathunthu, kaya ya MTN, Airtel kapena Zamtel, tsamba silitseguka. Mvula ikagwa bwino zinthu zimapepukako, koma palibe amene angalumbire kuti cilala sicidzabweranso. Tinaciona mu 2015, tinaciona mu 2019.

Manje tiyerekeze ophunzira awiri a kalasi imodzi, nzeru zolingana, pepala limodzi la maola awiri. Woyamba akhala ndi makolo ku Kabulonga kapena ku Woodlands. Pa mtenje pali masola, m'nyumba muli invata, intaneti ni ya faiba kapena Starlink, imene inafika mu Zambia mu 2023. Ali ndi cipinda cake-cake, laputopu yake-yake, citseko cotseka. Waciwiri acita lendi bedi mu boarding house ku Kabwata, anai m'cipinda cimodzi. Laputopu ni yobwereka, batire yake imakhala mphindi 40. Intaneti ni hotspot ya pa foni. Pafupi pali bala imene imaliza nyimbo kuyambira masana. Ngati netiweki yagwa pa funso la 30, wochi ya mayeso siima, ipitiriza kuwerenga. Akabwerera pa tsamba, mphindi 15 zapita, ndipo mtima sukhalanso m'malo.

Onse awiri akalandira fomu ija ya kukhutira, woyamba acongapo "ndakhutira maningi". Waciwiri mwina sayankha n'komwe, cifukwa fomuyo nayo ili pa intaneti ndipo bundle inathera pa mayeso. Apa ndiye pali msampha wa mafomu amenewa. Amamva mau a anthu amene intaneti iwayendera bwino, pa nkhani ya kayendedwe ka intaneti. Zili monga kuima pa Kulima Tower n'kufunsa anthu amene akhala kale m'basi ngati mabasi apezeka mosavuta, kusiya amene akali pa mzere ku Chelstone. Ndipo olo onse ayankhe, nambala ya pakati-kati imabisa anthu. Ngati 8 pa ophunzira 10 akhutira, lipoti limaoneka bwino. Koma awiri otsalawo angakhale amene afeluka cifukwa ca batire, amene abwereza caka, amene makolo ao ku Lundazi kapena ku Mporokoso anagulitsa ng'ombe kuti alipire fizi. Mayeso amene apima mphamvu ya invata ya atate ako asiya kupima za udokota.

Masukulu ena kunja anayesa kuthetsa vuto la kukopera mwa kuika pulogalamu yoyang'anira wophunzira kupitira pa kamera. Usanayambe, uzungulitsa kamera kuti aone cipinda conse. Ukayang'ana kumbali, kapena munthu akapita kumbuyo kwako, pulogalamu imakuika cizindikiro cakuti mwina ukopera. Ganizirani zimenezi mu boarding house ya anthu anai, kapena m'nyumba ya zipinda ziwiri momwe muli ana asanu. Mng'ono wako akalowa kufuna sopo, ndiwe wakuba. Kamera yoyaka maola awiri imadyanso bundle ndi batire kuposa kulemba cabe. Ku America mu 2020 olemba mayeso akhungu lakuda anadandaula kuti mapulogalamu ena sanali kuzindikira nkhope zao, kufikira atadziunika ndi nyali yowala kumaso. Ife pano tonse ndise akuda, ndipo cipinda cilibe malaiti. Palinso funso la zithunzi za m'cipinda cogona ca mtsikana: zisungidwa kuti, aziona ndani, kwa nthawi yaitali bwanji? Dziko lathu lili ndi lamulo la Data Protection Act la mu 2021. Sukulu iliyonse imene ifuna kuika kamera m'nyumba za ana a eni iyenera kuyankha mafunso amenewa isanayambe.

Ukacotsa kamera, ndiye kuti watsegula geti. Tisaname kuti ise a Zambia nkhani ya kukopera sitiidziwa. Mu October 2018 boma linaimitsa mayeso a Grade 7, 9 ndi 12 m'dziko lonse cifukwa ca likeji. Amenewo anali mayeso a pepala, osungidwa m'mabokosi okhoma. Nanga pepala limene lilembedwa m'zipinda 200 zosiyana-siyana, aliyense ali ndi foni yaciwiri pa bedi ndi gulu la WhatsApp la kalasi? Ndipo kucokera mu November 2022, pamene ChatGPT inatuluka, munthu safunikanso mnzake wanzeru. Kuciyambi kwa 2023 ofufuza anaonetsa kuti pulogalamuyi inali kufika pafupi ndi mamakisi opasira mayeso a laisensi ya udokota a ku America, ochedwa USMLE. Mapulogalamu a lero ni amphamvu kuposa pamenepo. Citsanzo cija ca ku London cinacitika zinthu izi zisanabwere. Njira ya kucepetsa nthawi kuti munthu asafufuze m'buku siigwiranso nchito ngati yankho libwera m'masekondi asanu.

Sindikamba kuti ophunzira athu ni akuba. Ambiri amawerenga kufikira maso atafiira, ndi kandulo kapena toci ya pa foni. Amenewa ndiwo amaluza kwambiri pamene mayeso alibe woyang'anira. Wacilungamo apeza 62 ndi mutu wake, mnzake apeza 85 ndi foni yaciwiri, ndipo pa pepala la zotulukapo palibe colembedwa cosiyanitsa. Caka cotsatira wacilungamo uja amayamba kudzifunsa ngati ni wopusa. Digiri ya kalasi yonse imatsika mtengo, ndi ya amene sanakopere yomwe.

Tibwerere ku liu lija lakuti kukhutira. Kuli nkhani yodziwika m'maphunziro a udokota imene inacitika ku University of Southern California ndipo inalembedwa mu 1973. Ofufuza anatenga munthu wocita masewero, n'kumuveka suti, n'kumupatsa dzina lakuti Dr Myron Fox. Anamuphunzitsa kukamba nkhani yomveka ya nzeru koma yopanda mutu, yodzaza ndi mau odzitsutsa okha, ndipo anamuuza kuti akambe mwacidaliro ndi nthabwala. Omvera anali anthu ophunzira, kuphatikizapo madokota a matenda a maganizo. Atapatsidwa fomu, ambiri anati nkhaniyo inali yabwino ndipo yawapatsa zoganiza. Kufikira lero aphunzitsi amakamba za Dr Fox pofuna kukumbutsana kuti munthu angakhutire asanaphunzire kanthu. Akulu athu anakamba kale: cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndipo pa mayeso nkhani imakula kuposa pa phunziro. Mwacibadwa munthu amakonda mayeso osavuta. Akanakhala kuti a RTSA amafunsa aliyense wofuna laisensi ya PSV kuti, "Ufuna tikuyese bwanji?", ambiri akanasankha kuyankha mafunso a Highway Code pa foni ali pa mpando kunyumba. Fomu ya kukhutira ikanaonetsa nambala zokongola. Koma inu amene mwakhala pa mpando wa kumbuyo, mwana pamiyendo, basi itsetsereka kulowa pa Kabwe roundabout, mufuna draiva amene woyesa anakhala pambali pake n'kuona ndi maso mmene apondera buleki ndi mmene abwerera kumbuyo. Ngati draivayo anakondwa tsiku la mayeso kapena sanakondwe, kwa inu zilibe nchito.

Udokota nao uli ndi mayeso a pamseu. Mu 1975 Ronald Harden ndi anzake ku Dundee, ku Scotland, anafotokoza njira imene lero masukulu a zaumoyo ambiri amasewenzetsa, yochedwa OSCE. Wophunzira amazungulira masiteshoni angapo. Pa siteshoni iliyonse apatsidwa mphindi zocepa: apa funsa wodwala mbiri ya matenda, apa pima BP, apa mvera cifuwa, apa onetsa mmene ungathandizire mwana wobadwa osalira, apa uza munthu zotulukapo zowawa. Woyesa amaimirira pomwepo ndi pepala, kuconga cimene wacita ndi cimene waiwala. Belu ikalira, upita pa siteshoni ina. Kuonjezera apo pali kuyesedwa pa bedi ya wodwala weni-weni mu wodi. Ophunzira ambiri mayeso awa amawaopa. Fomu ya kukhutira ikaperekedwa pakhomo potuluka, ena angaicite makwinya n'kuitaya. Koma awa ndiwo mayeso amene amateteza inu ndi ine.

Kumbukirani January 2024, pamene National Heroes Stadium inasanduka cipatala ca kolera, mliri umene unapha anthu oposa 700 m'dziko muno. Munthu wa kolera amafika madzi atamutha m'thupi, maso atalowa m'kati, mitsempha itabisala. Wophunzira aliyense angaconge pa kompyuta kuti mankhwala ake ni madzi a dripu ndi ORS. Cimene cinali kupulumutsa anthu mu sitediyamu ija ni dzanja limene lidziwa kutsina khungu n'kuona mmene libwerera mocedwa, cala cimene cipeza kugunda kwa mtima kofooka, ndi munthu wotha kulowetsa nyeleti ya dripu mu mtsempha wa mwana pamene amai ake alira pambali. Zimenezi pa Zoom sizioneka. Ungamuone wophunzira pa kamera afotokoza bwino-bwino mmene apimira kapamba wotupa, koma sudziwa ngati zala zake zingamupeze.

Palinso cilankhulo. Mabuku a udokota ali m'Cizungu, mayeso a pa kompyuta ali m'Cizungu, koma ambuya akabwera pa kiliniki ya Kalingalinga kapena pa Chilenje Level One sakamba za m'buku. Amati, "Mwana wanga, mutima uthamanga, m'mimba mucita monga mwayaka moto." Wina amati, "Nimvela cabe mphepo." Wina sakamba cimene cimuvuta kweni-kweni kufikira ataona kuti dokota wakhala pansi ndipo sathamangira. Kudziwa kumasulira mau amenewa, kufunsa mzimai wacikulire za m'thupi mwaulemu, kuzindikira kuti mtsikana uyu aopa munthu amene wamuperekeza, ni mbali ya nchito. Woyesa angaione cabe ngati ali m'cipinda cimodzi ndi wophunzira ndi wodwala.

Ndiye titaye makompyuta? Iyai. Matesiti ang'ono-ang'ono a sabata ndi sabata, amene colinga cake ni kuthandiza wophunzira kudziona pamene afooka, alembedwe pa foni, kunyumba, olo m'basi. Wokopera pamenepo adzinamiza yekha. Dokota amene asewenza ku Chama, ku Kaputa kapena ku Shang'ombo ndipo afuna maphunziro oonjezera asavutike kubwera ku Lusaka cifukwa ca katesiti ka mphindi 30. Intaneti pamenepo ni dalitso. Koma mayeso amene amasankha ngati munthu apita m'caka cotsatira, kapena ngati apatsidwa digiri, afunika njira ina.

Njirayo siyovuta kuiganiza. Mayeso a mafunso olemba angakhale pa kompyuta, koma alembedwe mu holo ya sukulu, pa makompyuta a sukulu, magetsi a sola kapena jenseti ali okonzeka, oyang'anira ali maso. Phindu la kompyuta likhalapo ndithu: kuconga msanga, mafunso osakanizidwa kuti oyandikana asaonerane, palibe mabokosi a mapepala oti angabedwe usiku. Koma wa ku Kabulonga ndi wa ku Kabwata akhala pa mipando yolingana, magetsi amodzi, wochi imodzi. Mayunivesiti athu ali kale ndi ZAMREN, bungwe limene limawalumikiza ku intaneti. Masukulu ang'ono amene alibe makompyuta okwanira angabwerekane maholo, kapena kulembetsa m'magulu. Ngati sukulu ilandira fizi ya udokota koma siingakwanitse kuyatsa makompyuta kwa maola atatu, ndiye kuti pali funso lina lalikulu limene iyenera kuyankha.

Ngati mliri wina watitsekera m'nyumba ndipo palibiretu njira ina, malamulo alembedwe mliriwo usanabwere. Pulogalamu izisunga yankho lililonse pamene lalembedwa, kuti netiweki ikagwa munthu asayambirenso. Wochi iziima pamene wophunzira wadulidwa. Masukulu akambirane ndi makampani a mafoni kuti tsamba la mayeso lisadye bundle. Pakhale nambala ya foni imene munthu ayankha zoona, ndi ufulu wolembanso popanda kulipira ngati vuto linali la magetsi. Ndipo mayeso a manja asasinthidwe kukhala nkhani ya pa kamera. Acedwe, alembedwe m'timagulu tating'ono, koma acitike pamaso pa woyesa. Kucedwa kutsiriza sukulu kumawawa, maka-maka kwa banja limene liyembekezera malipiro oyamba. Koma dokota amene manja ake sanayesedwe amalipiritsa anthu ena, amene sanafunsidwe.

Mafomu a kukhutira apitirize, koma afunse zinthu zimene wophunzira adziwa kupambana mphunzitsi. Kodi unadulidwa kangati? Unalembera kuti? Cipangizo cinali cako? Unasewenzetsa ndalama zingati? Unaona anzako akopera? Mayankho agawidwe malinga ndi kumene munthu akhala, kuti tione ngati odandaula onse ni a m'makomboni ndi m'ma boarding house. Fomu ina ikhale ya pepala, kuti wopanda bundle naye amveke. Ndipo sukulu iuze ophunzira cimene yasintha itamva madandaulo ao, apo ayi caka camawa palibe adzataya nthawi kuyankha.

Funso lalikulu lipite kwa amene anaikidwa kuti atiimirire ife odwala. Higher Education Authority imavomereza maphunziro a m'mayunivesiti. Health Professions Council of Zambia imalembetsa madokota ndi kuwapatsa malaisensi. Nursing and Midwifery Council of Zambia imacita cimodzi-modzi kwa manesi ndi anamwino. Mabungwe awa akambe poyera, m'mau amene kholo lingamve, kuti ni mayeso ati amene sukulu ingalembetse pa intaneti ndipo ni ati amene saloledwa popanda woyang'anira. Afunsenso masistala a mu wodi ndi madokota akulu amene amalandira ma intern: kodi ana amene mukutitumizira adziwa kugwira wodwala? Mu 2022 boma linalemba nchito anthu a zaumoyo oposa 11,000 nthawi imodzi. Ena a iwo anapita kumene kulibe dokota wamkulu wowaongolera. Kumeneko cimene munthu anayesedwa ku sukulu ndico cimene wodwala alandira.

Inu makolo amene mulipira fizi, pofuna malo a mwana musafunse cabe za mtengo ndi zaka. Funsani kuti mayeso otsiriza alemberedwa kuti, ophunzira amapita ku wodi ya cipatala citi, ndipo amakhala angati pa bedi imodzi. Sukulu yabwino siikwiya ndi mafunso otere.

Ndipo ife tonse tili ndi mbali yathu. Tsiku lina mudzagona mu wodi ku UTH kapena ku Levy, ndipo dokota wamkulu adzabwera ndi kagulu ka acinyamata ovala zoyera. Mmodzi adzapempha, mau anjenjemera, kuti, "Amai, ningakupimeni?" Muli ndi ufulu wokana, ndipo palibe ayenera kukukakamizani kapena kukucitirani nkhanza cifukwa cakuti mwakana. Koma ngati thupi lilola ndipo mphunzitsi wake ali pomwepo, muloleni. Muuzeni pamene pawawa, muuzeni ngati manja ake azizira, muuzeni ngati wakamba Cizungu cimene simunamve. Mukatero ndimwe mwamulembetsa mayeso amene palibe foni ingamulembere.